Zinyalala za pulasitiki zili ndi eni ake: zimene malamulo akukupatsani inu a ku Chitala

Yendani pamsika wa pa Chitala anthu atabalalika, muyang'ane pansi. Mupeza majumbo abuluu ndi akuda atakodwa m'minga, timapepala ta mafilizesi, mabotolo apulasitiki opondedwa, mapaketi a sopo waufa ndi a zokhwasula za ana. Chimene simungachipeze ndi botolo lagalasi la Fanta kapena la mowa. Limenelo likangosiyidwa pansi, mwana amalitola n'kuthamangira nalo kugolosale, chifukwa lili ndi mtengo. Wagolosale naye salitaya. Amaliika m'kireti, podziwa kuti lole ya kampani ikafika sitsitsa zakumwa popanda kukweza mabotolo opanda kanthu. Kampani imakalitsuka n'kuthiramo zakumwa zina, ndipo botolo lomwelo limabwereranso pamsika womwewu.

Palibe amene anaitanitsa msonkhano wophunzitsa anthu kuti asamataye mabotolo agalasi. Anthu ake ndi omwewa amene timawanena kuti ndi auve. Kusiyana kwake n'kwakuti botolo lagalasi mwini wake akulifuna, pomwe lapulasitiki mwini wake analikana tsiku limene linatuluka pachipata cha fakitale. Phindu anatenga, zotsalira anasiyira inu, mbuzi zanu, munda wanu ndi khonsolo yopanda galimoto yotolera zinyalala kumudzi.

Nkhani ya mapulasitiki ikayambika, chala chimaloza wogula: mayi wogula tomato, mnyamata wodya chipisi pachiwaya, mwana woyamwa filizesi. Inde, kutaya zinyalala paliponse ndi khalidwe loipa, ndipo tifikako. Koma amene anasankha kuti katundu wake azikutidwa m'chinthu chosaola, chogwira ntchito mphindi zochepa n'kukhala m'nthaka zaka zambirimbiri, si mayi uja. Anasankha ndi wopanga, chifukwa pulasitiki ndi wotsika mtengo kwa iye. Walira mvula walira matope: amene akufuna phindu la pulasitiki alandirenso udindo wa zinyalala zake. Malamulo a dziko lino anayamba kale kuyenda njira imeneyi, ndipo akukupatsani mphamvu zoposa zimene ambiri akudziwa.

Amene akulipira lero

Funsani aliyense wopha mbuzi pamsika. Akang'amba chifu, nthawi zina amatulutsa chimpukutu cholimba cha majumbo opotanapotana, chakuda, chonunkha, chodzaza manja awiri. Mbuzi yotero imakhala itayamba kale kuwonda mimba ili tuu, kudya mwaulesi, mwini wake n'kumayesa njoka zam'mimba, kugula mankhwala osaona kusintha. Jumbo imene munali chipisi kapena kanyenya imanunkhira mchere ndi mafuta, ndipo m'chilimwe cha ku Salima, msipu utauma, mbuzi singaidutse. Kafukufuku amene anachitika ku Mponela, m'boma la Dowa lomwe tachita nalo malire, anapeza kuti pa ziweto 100 zilizonse zophedwa, pafupifupi 40 zinali ndi mapulasitiki m'mimba. Pabanja la kumudzi, mbuzi ikafa ndiye kuti fizi ya mwana wa kusekondale yapita, kapena thumba la feteleza la chaka chimenecho.

Kumunda nakonso khasu likutukula majumbo m'mizere. Chitala ndi dera lodziwika dziko lonse ndi malo ake a kafukufuku wa zaulimi, mpaka mtundu wina wa mtedza unatchedwa dzina la Chitala. N'zomvetsa chisoni kuti nthaka yomweyo ikudzaza ndi zinthu zotchinga madzi ndi mizu. Mvula ikagwa, zimene zili pamtunda zimakokolokera m'makwawa ndi m'mitsinje, ndipo madzi onse a boma la Salima mathero ake ndi m'nyanja. Kumeneko pulasitiki sasungunuka, amangophwanyika kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene nsomba zimameza. Zotsalira pamtunda zimatseka ngalande ndi makalavati, ndipo botolo lililonse logwira madzi a mvula limasanduka poswanirana udzudzu. Ambirife, posowa kotaya, timaotcha, enanso timakolezera mbaula ndi jumbo mwana ali kumsana. Utsi umenewo uli ndi poizoni wowononga mapapo.

Lipoti limene bungwe la Lilongwe Wildlife Trust linatulutsa mu 2019 linati dziko lino limapanga mapulasitiki okwana matani 75,000 pachaka, ndipo 80 pa 100 alionse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Mtengo wa zonsezi ukulipiridwa kale. Ukulipiridwa ndi mlimi, msodzi ndi wodwala malungo, osati ndi amene anapanga katunduyo.

Zimene malamulo akunena

Tiyambe ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko. Gawo 13 limalamula boma kusamalira chilengedwe kuti chisawonongeke, kuti anthu akhale ndi kugwira ntchito pamalo aukhondo, komanso kuti ufulu wa mibadwo ya kutsogolo ulemekezedwe. Gawo limeneli ndi mfundo zotsogolera boma, ndipo makhoti amaloledwa kuliganizira pogamula milandu.

Chida chakuthwa kwambiri ndi lamulo loona za chilengedwe la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996 ndipo linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Gawo 4 la lamuloli limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika thanzi lake pachiswe, ndipo ali ndi udindo woteteza malowo. Limapitirira pamenepo: limalola munthu aliyense kupita kukhoti kukapempha kuti mchitidwe wowononga chilengedwe uimitsidwe, kapena kuti wogwira ntchito m'boma akakamizidwe kuchitapo kanthu. Ndipo apa mpofunika kumvetsetsa bwino. Pamilandu yambiri khoti limayamba lafunsa kuti, kodi inuyo nkhaniyi ikukukhudzani bwanji, mwataya chiyani? Pamlandu wa chilengedwe lamuloli linachotsa chopinga chimenecho. Simufunika kuonetsa kuti mbuzi yakufayo inali yanu kapena kuti munda wowonongekawo ndi wanu. Mphunzitsi, mayi wa mvano, gulu la achinyamata, komiti ya asodzi, onsewa angathe kuimirira m'malo mwa dera lonse. Lamulo lomweli linavomerezanso mfundo yakuti wowononga ndiye ayenera kulipira zokonzera zimene wawononga.

Kenaka pali malamulo a mapulasitiki a 2015. Amenewa amaletsa kupanga, kuitanitsa kuchokera kunja, kugulitsa ndi kugawa mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60. Mamaikiloni 1,000 ndiwo amakwana milimita imodzi, koma simusowa makina kuti muidziwe jumbo yoletsedwa: ndi ija mumaonera dzanja mkati, yong'ambika musanafike nayo kunyumba. Malamulowa anapatulako zinthu zina, monga mapepala okutira buledi, machubu ofesera mbande ndi zokutira mankhwala. Koma jumbo yopyapyala yonyamulira katundu pamsika ndi yoletsedwa.

Mwina mufunsa kuti, ngati inaletsedwa mu 2015, bwanji ana obadwa chaka chimenecho akula akuiona paliponse? Yankho lili m'mabuku a kukhoti, ndipo nzika iliyonse iyenera kuidziwa mbiri imeneyi. Mu Januwale 2016 makampani 14 opanga mapulasitiki anatenga chiletso kukhoti choimitsa boma kugwiritsa ntchito malamulowa. Mu Juni 2018 bwalo lalikulu la milandu linawakanira, koma iwo anachita apilo, mafakitale n'kumapitiriza kugwira ntchito. Pa 31 Julayi 2019 bwalo la Supreme linagamula kuti malamulowo ndi ovomerezeka, ndipo ambiri anayesa kuti nkhani yatha. Mu 2021 kampani ya Golden Plastics inapezanso chiletso china, chomwe chinakhalapo mpaka Juni 2024. Patangopita masabata ochepa, makampani ena 11 anatenganso chawo. Kumapeto kwa Januwale 2025 woweruza Howard Pemba wa bwalo lalikulu ku Lilongwe anachotsa chiletso chimenecho, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho MEPA inalengeza kuti yayamba kugwira ophwanya lamuloli.

Zaka pafupifupi 10 zinathera m'makhonde a makhoti. Kupita kukhoti ndi ufulu wa aliyense, wa makampani womwe, ndipo gawo 41 la malamulo aakulu limauteteza. Koma ine ndimaona kuti ufulu umenewu unagwiritsidwa ntchito pogula nthawi, chifukwa mwezi uliwonse wa chiletso unali mwezi wa malonda. Chophunzirapo n'chakuti eni mafakitale amawadziwa malamulo ndipo sachita nawo manyazi. Ife amene tikutola zotsalira zawo tili ndi malamulo omwewo, koma tawasiya m'mabuku.

Si onse anakhala chete. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene ankagwira ntchito ku bungwe lomenyera chilengedwe la CEPA, anayamba kulimbana ndi nkhaniyi ataona mbuzi za alimi amene ankagwira nawo ntchito zikufa ndi majumbo. Anasonkhanitsa mabungwe, atolankhani ndi anthu wamba, anachita maulendo a pamsewu, anakakamira kuti mlandu wa apilo umvedwe msanga. Mu 2021 analandira mphotho ya Goldman, yomwe imaperekedwa kwa omenyera chilengedwe padziko lonse. Chigamulo cha 2019 sichinagwe kumwamba. Panali anthu amene anachikankha.

Pamene lamulo la 2015 silifika

Ngakhale jumbo yopyapyala itatheratu mawa, msika wa pa Chitala sungayere. Botolo la zakumwa ndi lokhuthala kuposa mamaikiloni 60, choncho chiletso sichilikhudza. Chimodzimodzi zigubu za mafuta ophikira, matewera a ana otaya, mabotolo a mankhwala opopera thonje ndi mapaketi onyezimira aja amene anamatiramo pulasitiki ndi chitsulo chopyapyala pamodzi, moti palibe makina wamba angawasungunule. Zimenezi zikuchuluka chaka ndi chaka, ndipo palibe lole ya kampani imene imabwera ku Chitala kudzazitenga.

Apa ndi pamene maiko ena anapita patsogolo. Iwo anakhazikitsa lamulo lakuti udindo wa wopanga kapena woitanitsa katundu sutha katunduyo akagulitsidwa, koma umafika mpaka chokutira chake chitatoledwa ndi kukonzedwa. Lamulo lotere limayenda m'njira zingapo. Ina ndi ya dipoziti, yomwe timaidziwa kale pa mabotolo agalasi. Ku Germany, kuyambira 2003, botolo lapulasitiki la zakumwa limakhala ndi dipoziti, lero ya masenti 25 a ndalama ya yuro, ndipo mabotolo oposa 95 pa 100 alionse amabwezedwa. Njira ina ndi yakuti kampani iliyonse imalembetsa kuboma, imaulula matani a mapulasitiki amene yatulutsa pamsika, n'kulipira ndalama pa tani iliyonse. Ndalamazo ndizo zimalipira otola, zimamanga malo osonkhanitsira ndi kulipira mayendedwe. Ubwino wake wobisika ndi wakuti kampani ikaona kuti paketi yosakonzeka ikuidyera ndalama, imasintha yokha kapangidwe kake popanda woikakamiza.

Izi si za ku Ulaya kokha. Zambia inakhazikitsa malamulo otere mu 2018. South Africa inayamba kuwagwiritsa ntchito mu Meyi 2021, ndipo malamulo ake amanena kuti otola zinyalala, aja abale athu a ku Joni amawaona akukoka ngolo m'misewu m'mamawa, azilipidwa pa ntchito yawo. Kenya inaika udindo womwewu m'lamulo lake la zinyalala la 2022. Ena mwa makampani amene amagulitsa katundu wawo m'magolosale a ku Salima akutsatira kale malamulo amenewa kumaiko enawo. Sindikuona chifukwa chimene angalephererere kuno.

Eni mafakitale ali ndi mfundo zawo, ndipo tiyenera kuzimva. Amati anthu adzachotsedwa ntchito ndipo katundu adzakwera mtengo. Pa za ntchito, fakitale yopanga jumbo yopyapyala ingathe kupanga yokhuthala, ndipo kutolera, kusankhula ndi kunyamula mabotolo ndi ntchito zimene zingafike mpaka kumudzi, osati ku Kanengo ndi ku Limbe kokha. Oluka madengu ndi zikwama za mlaza m'mbali mwa nyanja nawonso ndi antchito, ndipo jumbo inawalanda msika popanda wowalirira. Pa za mtengo, n'zoona kuti kampani idzaikako kenakake pamtengo wa botolo. Koma dipoziti imabwerera kwa inu mukabweza botololo, pomwe mbuzi yakufa palibe amene amakubwezerani.

Tisanamizidwenso kuti kusungunula mapulasitiki akale n'kupanganso zina ndiye mankhwala a zonse. Padziko lonse, mapulasitiki otayidwa amene amakonzedwanso ndi 9 okha pa 100 alionse. Kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo thumba la mabotolo opanda kanthu ndi lalikulu koma lopepuka, moti ndalama yolinyamulira imaposa imene mungakaligulitse. N'chifukwa chake palibe amene amadza kudzagula. Popanda ndalama ya wopanga, ntchito imeneyi siingadziyendetse kumudzi. Maiko a dziko lonse anagwirizana ku Nairobi mu Malichi 2022 kuti alembe pangano lothana ndi mapulasitiki, koma zokambirana za ku Busan mu 2024 ndi za ku Geneva mu Ogasiti 2025 zinatha popanda mgwirizano, makamaka chifukwa maiko opanga mafuta akukana kuchepetsa kapangidwe ka pulasitiki. Tikadikira pangano limenelo tidikira nthawi yaitali.

Poyambira inu

Mu Novembala 2020 boma linaika Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse kukhala tsiku losesa m'dziko muno. Kusesa n'kwabwino, koma kawirikawiri timasesa, kuunjika, kuyatsa moto, n'kubalalika, umboni wonse n'kupsera pomwepo. Ulendo wina musanayatse, yalani zimene mwatolazo pansi, muzisankhule. Mabotolo a kampani yakuti apa, mapaketi a kampani yakuti apo. Wina agwire kope alembe dzina lililonse ndi chiwerengero chake, tsiku ndi malo, wina ajambule pafoni. Ana a sukulu a m'makalabu a zachilengedwe angaigwire bwino ntchito imeneyi. Si chinthu chachilendo: gulu la Break Free From Plastic lakhala likuwerenga motere m'maiko ambiri kuyambira 2018, ndipo chaka ndi chaka mpaka 2023 dzina la Coca-Cola ndilo linkatsogola. Mukanena kuti pamsika pali uve, aliyense amangogwedeza mutu. Koma mukanena kuti tsiku lakuti tinatola mabotolo akutiakuti a kampani yakuti, pamakhala woti ayankhe.

Jumbo yoletsedwa nthawi zambiri siikhala ndi dzina. Pamenepo musalimbane ndi mayi wogulitsa mandasi, amene anagula kapaketi kamodzi kuti makasitomala asamuthawe. N'zoona kuti lamulo limaletsanso kugulitsa ndi kugawa, ndipo iye ayenera kudziwa kuti katundu wake angalandidwe. Koma jumboyo ili ndi njira imene inadzera: kuchoka kufakitale kapena kumalire, kufika kwa opikulitsa m'tauni ya Salima, kenaka pamsika wanu. Dandaulo lanu lilondole njira imeneyo. Lemberani mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya Salima, kope lina lipite ku MEPA. Tchulani tsiku, malo ndi mtundu wa katundu. Lembani makope atatu, ndipo lanu alidinde chidindo cha ofesi. Kudandaula pakamwa kumaiwalika mukangotuluka pakhomo, koma kalata yodindidwa imakhala umboni. Gawo 43 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa zolembedwa pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu wanu. Ngati akungokuzungulitsani, ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo okhudza maofesi a boma popanda kulipiritsa.

Muli ndi ufulunso wofunsa. Gawo 37 la malamulo aakulu, pamodzi ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limalamula maofesi a boma kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Amene sadziwa kulemba angafunse pakamwa, ndipo wa muofesi ayenera kumulembera. Ogulitsa malonda amadula tikiti ya msika tsiku lililonse. Funsani khonsolo kuti pachaka imatolera zingati pamsika wanu, ndipo zingati mwa ndalamazo zapita ku ukhondo. Funsani MEPA kuti yayendera kangati masitolo a ku Salima chichotsereni chiletso cha kukhoti chija, ndipo yalanda katundu wochuluka bwanji. Akakana kuyankha, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa ntchito yoyang'anira lamuloli. Kufunsa kotere si chipongwe ndipo si ndale. Ndalamazo ndi zanu.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wosamalira zinyalala ndi mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo. Njira yake mukuidziwa: nkhani imayambira ku VDC, kupita ku ADC, khansala n'kukaitula ku msonkhano wa khonsolo yonse. Khonsolo ingathe kulamula kuti pamsika uliwonse pakhale malo osonkhanitsira mabotolo, ndipo kuti opikulitsa zakumwa azikweza mabotolowo pa lole zomwe zimabwerera zopanda kanthu. Mafumu nawonso ali ndi mbali yawo. Mudzi ungagwirizane kuti pamaliro, paukwati ndi pa chinkhoswe chakudya chizigawidwa m'mbale osati m'majumbo, ndipo kuti pachigayo ndi pamjigo pasamapezeke zotayidwa. Malamulo a mudzi asapyole malire: palibe kumenya munthu kapena kumulanda katundu mwa mphamvu, chifukwa kutero n'kuphwanya malamulo ena pofuna kusunga limodzi.

Khoti ndi njira yomaliza, ndipo tisabise, imafuna ndalama ndi kuleza mtima. Ndi bwino kupita ngati gulu, mutasunga makalata onse ndi kope la chiwerengero lija. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize osatha kulipira loya, ndipo mabungwe ngati CEPA anayendapo kale njira imeneyi.

Mbali yathu

Gawo 4 lija la lamulo la chilengedwe, pamene likupereka ufulu, likuperekanso udindo m'chiganizo chomwecho. Munthu amene akufuna kuti kampani iyankhe mlandu sangamaponye botolo pawindo la minibasi. Pitani kumsika ndi dengu kapena chikwama. Wogulitsa akatambasula jumbo, muuzeni mwaulemu kuti muli nacho choikamo, mwamupulumutsira ndalama. Pachiwaya tengani kontena yanu. Musaotche mapulasitiki pafupi ndi nyumba, ndipo musakolezere moto wophikira. Alimi a thonje, botolo la mankhwala likatha litsukuluzeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenaka mulibowole kuti wina asadzasungiremo mchere, mafuta kapena madzi akumwa, ndipo mufunse alangizi ndi ogulitsa mankhwalawo kumene muyenera kulibweza. Funso limeneli likamafunsidwa ndi alimi ambiri, ogulitsa adzakakamizika kupeza yankho.

Pali mizinda imene inadziikira cholinga chakuti isamatayenso kanthu kudzala. Tauni yaing'ono ya Kamikatsu ku Japan inalengeza zimenezi mu 2003. Anthu ake amasankhula zinyalala m'magulu oposa 40, ndipo pafupifupi 80 pa 100 sizitayidwa. Zingamveke zakutali, koma khomo la ku Chitala lili pafupi ndi cholinga chimenechi kuposa nyumba za m'tauni. Gaga amapita ku nkhuku ndi nkhumba. Makoko a mtedza, masangwi, mapesi, phulusa ndi ndowe zimapita kunkhuti n'kusanduka manyowa, omwe pa mtengo wa feteleza wa masiku ano ndi chuma. Botolo la pulasitiki limaikidwamo thobwa mpaka litabooka, thumba la feteleza limasungira chimanga, chitenje chakutha chimakhala nkhata. Kumbani nkhuti yoika zoola zokhazokha, ndipo zosaola muziike pa zokha m'thumba. Pakatha mwezi, tsegulani thumbalo muone. Mupeza kuti chilichonse chili m'menemo chinachokera kufakitale, ndipo zambiri zili ndi dzina la mwini wake. Banja lachita mbali yake yonse. Chotsalacho sichingathe ndi tsache.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili ku Nyumba ya Malamulo ndi ku unduna woona za chilengedwe. Phungu wa dera lanu akabwera pamsonkhano, kuwonjezera pa mjigo ndi mlatho, mufunseni za lamulo lokakamiza opanga ndi oitanitsa katundu kutolera zokutira zawo. Lamulolo linene kuti botolo lililonse lapulasitiki la zakumwa likhale ndi dipoziti yobwezedwa pagolosale iliyonse yogulitsa zakumwazo. Linene kuti thumba ndi paketi iliyonse ikhale ndi dzina la woipanga, ndipo yopanda dzina ilandidwe. Linenenso kuti ndalama zimene makampani azilipira zisathere ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, koma gawo lake lizifika ku makhonsolo a kumudzi ndi kwa otola enieniwo. Mupatseni zimenezi polemba, mfumu ndi wapampando wa VDC atasainira, ndipo mumuuze tsiku limene mudzabwerenso kudzamva yankho.